Zithunzi si za apamwamba okha

Anakunamizani amene anati zithunzi zopenta n'za apamwamba, ife a m'komboni sitingazimve. Taonani Destiny ya Henry Tayali, imene a Lechwe Trust asunga mu Lusaka. Anthu apanikizana, asenza zitsulo, akumanga tauni. Wina adzakuuzani kuti m'menemo muli cikondwerero ca citukuko. Ine ndikana. Ndionamo phuma ndi kutopa: nyumba zatalika, koma ozimanga acepa ngati nyerere. Adzagona m'nyumbazo ndani?

Inu amene atate anu amalawira ku Kanyama kukamanga mipanda ku Kabulonga, yankho mulidziwa kuposa ine mphunzitsi. Musayembekeze katswiri kuti akumasulireni thukuta la kwanu. Pitani mukadzionere, mubwere mudzanditsutse.