Ofuna uphungu ndi ambiri, odzipereka ali kuti?

Si mavuto onse a munthu amene amatha ndi thumba la chimanga. Pakagwa zovuta m'mudzi timadziwa kuthamanga, timasonkha ufa, nkhuni ndi chipepeso, ndipo pa ichi palibe angatinene. Koma pakapita sabata ziwiri, olira atabalalika, achibale a malemu nkufika kudzawerenga mipando, malata ndi ziweto, mayi wamasiye uja amatsala yekha. Tsiku limenelo iye amasowa munthu woti amuuze zimene lamulo likunena, ndi kumulozera khomo loyenera kukagogoda.

Malamulo omuteteza alipo ndithu. Mu 2011 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye, limene likuti munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana, ndiponso kuti kulanda chuma chotere ndi mlandu woti munthu akhoza kukhala nawo kundende. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko likuti womangidwa akaonekere kukhoti pasadathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti latsegula ngati nthawiyo yathera pa tsiku losagwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Kuyambira mu 2006 tilinso ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Koma zonsezi zidalembedwa m'Chingerezi chozama, maloya ndi ochepa, ambiri mwa iwo ali m'mizinda, ndipo mtengo wawo mlimi wamba sangaufikire. Motero anthu amataya nyumba, malo ndi ufulu kaamba kongosowa wowafotokozera.

Apa ndi pamene pagona ntchito ya mabungwe opereka uphungu waulere m'madera. Mu 2000, ndi thandizo la bungwe la Penal Reform International, kudayamba ntchito ya maparaligo m'ndende za dziko lino, imene lero ili m'manja mwa bungwe la Paralegal Advisory Service Institute, PASI mwachidule. Maparaligo si maloya, koma ndi anthu ophunzitsidwa bwino zamalamulo, amene amafotokozera omangidwa za belo ndi kayendedwe ka milandu yawo. Pambuyo pake bungweli lidayamba kuphunzitsa anthu odzipereka m'midzi kuti akhale amkhalapakati pa mikangano ing'onoing'ono, kuti nkhani ya mbuzi yodya mmera kapena ngongole yapachibale isafike kupolisi. Nalo bungwe la NICE, lomwe lidayamba mu 1999, limadalira anthu odzipereka pophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, monganso bungwe la chilungamo ndi mtendere la mpingo wa Katolika, CCJP, lomwe lili ndi makomiti m'maparishi.

Si kwathu kuno kokha kumene ntchito yotere yaima pa anthu osalipidwa. Ku Britain, dziko lolemera ndi lodzaza ndi maloya, bungwe la Citizens Advice lidatsegula maofesi 200 pa 4 September 1939, patangopita tsiku limodzi dzikolo litalowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mpaka lero ambiri mwa otumikira m'maofesi amenewo ndi odzipereka, ndipo amagwira mfundo zoti uphungu ukhale waulere, wachinsinsi ndi wosakondera. Ngati olemera aona kuti sangachite popanda anthu otere, nanga ife?

Ambiri a ife tikamva za ntchitoyi timabwerera m'mbuyo, ati sitidaphunzire zamalamulo. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo pa malo a uphungu ntchito ndi zambiri. Pamafunika wolandira anthu pakhomo, chifukwa munthu wobwera ndi vuto amabwera ndi manyazi ndi mantha, ndipo nkhope yoyamba imene waona ndiyo imamuuza ngati alowe kapena abwerere. Pamafunika mlembi wosunga kaundula, wolemba tsiku, dandaulo ndi kumene munthu watumizidwa, kuti nkhani isafere m'njira. Pamafunika wothandiza kulemba makalata ndi kudzaza mafomu, pakuti alipo ambiri amene dandaulo lawo ndi lomveka koma dzanja silidziwa cholembera. Pamafunika woperekeza, woti ayende ndi gogo mpaka ku ofesi ya DC, kapena ndi wantchito wochotsedwa popanda malipiro mpaka ku ofesi ya leba. Pamafunika womasulira kumene kuli olankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe. Pamafunikanso a komiti ndi msungichuma wokhulupirika, oonetsetsa kuti kangachepe kamene kalowa kagwire ntchito yake. Mphunzitsi wopuma ntchito, kalaliki wakale, mayi wa chigwirizano, wachinyamata wodziwa kompyuta amene akudikira ntchito, onsewa ali ndi malo awo.

Nzeru yogawana ntchito motere ndi yakale. Buku la Eksodo, mutu 18, likusimba kuti Mose ankaweruza milandu ya anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kufikira mpongozi wake Yetero adamulangiza kuti asankhe anthu okhulupirika, odana ndi ziphuphu, oti azisamala nkhani zing'onozing'ono ndi kubweretsa kwa iye zazikulu zokha. Tione kuti Yetero sadangoti pakhale anthu ambiri. Adanenanso za mtundu wa anthuwo.

Pamenepa tisanamizane. Mtima wabwino pawokha sukwanira, ndipo uphungu wolakwika umaononga kuposa kukhala chete. Munthu akauzidwa kuti wilo yapakamwa ndi yokwanira, pamene lamulo limafuna yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, amene adzalire ndi ana ake. Choncho wodzipereka ayenera kuvomera kuphunzitsidwa, ngakhale akhale wa imvi, ndipo akafunsidwa chimene sakuchidziwa anene poyera kuti akafunsa kaye. Paja safunsa adadya phula.

Chachiwiri ndi lilime. Anthu amabwera ndi nkhani za kuchipinda, za ngongole, za matenda ndi za ana obadwira kunjira. Zimenezi zikamveka pa mjigo kapena pa gulu la WhatsApp, ngakhale zitaperekedwa ngati mutu wa pemphero, palibenso amene adzapondeko pa malowo, ndipo amene waululidwa akhoza kukumana ndi nkhanza zoposa zoyamba. Amene akudziwa kuti pakamwa pake sipasunga kanthu, ndi bwino apemphe ntchito yosesa kapena yokonza mabenchi, imenenso ndi yolemekezeka.

Chachitatu ndi kusakondera. M'mudzi tonse ndi apachibale, ndipo tsiku lina wodandauliridwa adzakhala malume athu, mkulu wa mpingo wathu kapena wa chipani chathu. Zikatero, wodzipereka woona apereke nkhaniyo kwa mnzake. Wobwera pakhomo asafunsidwe kumene amapemphera asadathandizidwe.

Chachinayi ndi kudziwa malire. Ilipo milandu yosayenera kukambirana pansi pa mtengo. Mwana akagwiriridwa, nkhaniyo ndi ya kupolisi ndi kuchipatala msanga, osati yothetsa ndi nkhuku kapena mbuzi. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Wosowa loya pa mlandu waukulu atumizidwe ku Legal Aid Bureau, ndipo wolakwiridwa ndi ofesi ya boma alozeredwe kwa Ombudsman. Kutumiza munthu ku khomo loyenera ndi thandizo lalikulu, si kulephera ayi.

Tsono pali matenda amene alowa pakati pathu, a alawansi. Tafika poti msonkhano ukaitanidwa, funso loyamba limakhala loti kodi kuli kangachepe, ndipo maphunziro akatha, envelopu italandiridwa, ena saonekanso. Choipitsitsa ndi pamene wodzipereka ayamba kupempha ya fanta kwa wovutika amene wabwera kudzafuna thandizo. Kumeneko ndi kudyera masuku pamutu anthu osauka. Komabe nawo mabungwe asamaiwale kuti wodzipereka ali ndi banja ndi munda. Kumubwezera ndalama imene wayendera, kumupezera njinga, kumuphunzitsa kawirikawiri ndi kumumvera akatopa ndi chilungamo chabe. Munthu wosenza misozi ya anzake sabata ndi sabata amafunanso womupepuza.

Pempho lathu likupita ku mabanja ndi ku mipingo. Zipinda zambiri za pa tchalitchi zimakhala zotseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Atsogoleri akhoza kukambirana ndi mabungwe odziwa ntchitoyi kuti chimodzi chizitsegulidwa tsiku limodzi pa sabata, ndi kusankha anthu awiri kapena atatu oti akaphunzitsidwe. Ife eni tifunse ku ofesi ya NICE ya m'boma lathu, ku komiti ya chilungamo ndi mtendere kapena kwa amfumu kuti ntchito yotere ikuchitikira kuti, tikapereke maola ochepa amene tingathe, ndipo tikalonjeza tsiku tizilisunga.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya ena. Palibe banja limene lidapangana ndi imfa, ndipo palibe kholo lodziwa kuti mwana wake sadzagona m'chitokosi cha apolisi. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Khomo limene titsegulire anzathu lero ndi lomwelo limene ana athu adzagogode ife kulibe.