Reinildo wafika ku England, koma ndalama za mpira zimatsata pepala

Mu Julayi 2025 timu ya Sunderland inatenga Reinildo Mandava, wotchinga kumbuyo wa Mambas, ndipo anakhala wosewera woyamba wa timu ya dziko la Mozambique kusewera mu Premier League ya ku England. Okonda mpira anakondwa, ndipo m'pomveka. Chimene sichinakambidwe kwambiri n'chakuti Sunderland sinamugule. Kontrakiti yake ku Atlético Madrid inali itatha, choncho anapita popanda mtengo. Kwa iye zinamukomera, koma matimu a kuno amene anamulera ali mnyamata alibe chawo pa ulendo umenewu.

Kuti izi zimveke, tiyenera kuyamba taona njira imene anadzera, chifukwa sinali yachidule. Reinildo anabadwira ku Beira pa 21 Januwale 1994. Anasewera ku Ferroviário da Beira, kenako ku Liga Desportiva de Maputo, ndipo kumapeto kwa 2015 Benfica inamutengera ku Portugal. Mu timu yaikulu ya Benfica sanapezemo malo. Anabwereketsedwa ku Fafe ndi ku Sporting da Covilhã, matimu amene ngakhale munthu wosaphonya mpira wa ku Portugal pa wailesi sawatchula kawirikawiri. Mu 2018 anapita ku Belenenses, ndipo mu Januwale 2019 Lille ya ku France inamutenga. Anali ndi zaka 27 pamene dzina lake linamveka zenizeni: mu 2021 Lille inatenga ligi ya ku France pamaso pa Paris Saint-Germain, iye n'kusankhidwa m'gulu la osewera khumi ndi mmodzi amene anachita bwino koposa chaka chimenecho. Mu Januwale 2022 Atlético Madrid ya Diego Simeone inamugula pa mtengo umene manyuzipepala anati ndi mayuro pafupifupi 3 miliyoni. Patangotha chaka, mu Febuluwale 2023, anaduka mtsempha wa m'bondo akusewera ndi Real Madrid ndipo anakhala miyezi yambiri osaponda bwalo. Atachira, ndiye anamwetsa chigoli cha m'mphindi zoonjezera chimene chinapangitsa Mambas kufanana mphamvu 2-2 ndi Ghana mu chikho cha Africa mu Januwale 2024.

Mtengo wa 3 miliyoni uja ndi umene ukukhudza anthu a kuno. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja kontrakiti yake isanathe, magawo 5 pa 100 alionse a ndalamazo azipita kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 mpaka chimene anakwanitsa 23. Zaka zinayi zoyambirira zimalandira theka la zimene zaka zotsatira zimalandira. Pa 3 miliyoni, gawo limeneli ndi mayuro 150,000. Zaka ziwiri zomaliza Reinildo anali ku Portugal, ndiye kagawo kena kanali ka kumeneko, koma magawo anayi mwa asanu ndi a zaka zimene anali kuno kumudzi. Ndi mamiliyoni angapo a meticais, ndalama zoti timu yaing'ono ikhoza kugulira nsapato, mipira ndi kulipira galimoto kwa zaka zingapo. Koma zimaperekedwa pa zaka zokhazo zimene zinalembedwa m'kaundula. Chaka chimene mwana anasewera osalembedwa, timu imene anaisewerera sipezapo kanthu.

Apa m'pamene Argentina inapitira patsogolo. Otsatira Benfica m'maboma ano akumudziwa Nicolás Otamendi, wotchinga kumbuyo amene anavala lamba wa kapitawo wa timuyo ndipo anatenga chikho cha dziko lonse mu 2022. Iye analowa mu Vélez Sarsfield ya ku Buenos Aires ali mwana, n'kukhalamo mpaka 2010 pamene Porto inamugula. Kuchoka apo anagulitsidwa ku Valencia mu 2014, ku Manchester City mu 2015, ndi ku Benfica mu 2020 pa mayuro 15 miliyoni. Pa malonda onsewa lamulo linapatsa Vélez ufulu wa gawo lake, ngakhale Otamendi anali atachokako kalekale. Pa ulendo womalizawo wokha, magawo 5 pa 100 anali mayuro 750,000, ndipo zaka zambiri za ubwana wake zinalembedwa ku timu imodzi yomweyo. Matimu a ku Argentina amadalira ndalama zoterezi monga mmene mlimi amadalira nandolo ndi soya, ndipo n'chifukwa chake salola mwana wa zaka 12 kusewera opanda khadi.

Sikuti anyamata a m'malire alibe luso. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa bwalo la sukulu Lamlungu masana amadziwa kuti otchinga kumbuyo olimba sasowa. Koma mpira wambiri wa kumudzi ndi wa zikho za mbuzi ndi za ndalama zosonkherana, zimene zimachuluka anthu akakolola kapena nthawi ya zisankho ikayandikira, ndipo sulembedwa paliponse. Mnyamata akhoza kusewera zaka zisanu ndi ziwiri mu timu ya m'mudzi mwake, wina n'kumuona, n'kumutengera ku Quelimane kapena ku Nampula, ndipo kaundula wake amayambira pamenepo ngati kuti anabadwa tsiku lomwelo. Akadzagulitsidwa, odya ndi a m'tauni.

Vuto lina ndi la m'malire mwenimweni. Mabanja ambiri kuno ali mbali zonse ziwiri: mayi wa ku Mulanje kapena ku Phalombe, bambo wa ku Milange, sukulu uku, chipatala uko. Zimachitika kuti mwana mmodzi amakhala ndi mapepala awiri osagwirizana, dzina litalembedwa m'Chipwitikizi kwina, m'Chingerezi kwina, chaka chobadwa chitasiyana. Pa msika izi sizisokoneza malonda. Mu mpira wa masiku ano zikhoza kumutsekera njira. Kuyambira mu Novembala 2022 FIFA ili ndi ofesi yake ku Paris, yotchedwa Clearing House, imene imadzera ndalama za matimu olera osewera, ndipo imatsata zimene mabungwe monga Federação Moçambicana de Futebol ndi Football Association of Malawi analemba pa kompyuta. Mayina ndi zaka zikasemphana, ndalama zimaima, ndipo timu ya ku Ulaya imene ili ndi anyamata ambiri oti isankhepo sitaya nthawi kufufuza kuti cholondola n'chiti. Choncho kalata ya kubadwa ya ku Registo Civil ndi BI zili ndi ntchito yaikulu kuposa nsapato zatsopano, ndipo kuchotsera mwana zaka kuti alowe mu timu ya ana n'kumukumbira dzenje.

Makolo ayeneranso kudziwa kuti FIFA imaletsa kusamutsira kunja mwana wosakwana zaka 18. Munthu wobwera ndi lonjezo lotengera mnyamata wa zaka 15 ku Portugal kapena ku South Africa, bola banja ligulitse njinga yamoto kapena matumba a chimanga kuti lilipire ulendo, akulonjeza chinthu chimene lamulo silimulola. Reinildo anachoka ali ndi zaka pafupifupi 22, atasewera kale mu Moçambola ndi mu Mambas, ndipo ngakhale apo anadikira zaka zina zisanu kuti adziwike.

Koma lamulo lomwelo lili ndi khomo limene linatsegulidwira anthu okhala ngati a kuno. Mwana amene kwawo kuli pa mtunda wosaposa makilomita 50 kuchokera pa malire akhoza kulembedwa mu timu ya tsidya lina, ngati timuyonso ili mkati mwa makilomita 50 kuchokera pa malirewo. Mtunda wa pakati pa nyumba ndi timu usapose makilomita 100, mwanayo apitirize kugona kwa makolo ake, ndipo mabungwe a mpira a maiko onse awiri avomereze. Izi zikutanthauza kuti mnyamata wa kufupi ndi chipata cha Milange ndi Muloza, amene Quelimane ili kutali kuposa Mulanje, akhoza kukhala ndi khadi lovomerezeka la timu ya ku Malawi popanda kubisa kuti ndi wa ku Mozambique. Chofunika n'chakuti timuyo ikhale yolembedwa, ndipo pakhale mkulu wa mpira mbali zonse ziwiri wololera kusaina.