Galu wa m'gemu amakumbukika akamusiya akhale galu

Mu June 2021, katswiri wina wokonza masewera a pakompyuta, Joel Burgess, adalengeza pa Twitter kuti galu wake wamkazi, River, wafa. Anthu ambirimbiri omwe sadamuonepo galuyo ndi maso adatumiza mauthenga achipepeso. Iwo ankamudziwa ndi dzina lina, Dogmeat, galu wamtundu wa German Shepherd yemwe amaperekeza wosewera m'mabwinja a mzinda wa Boston mu gemu ya Fallout 4, yomwe kampani ya Bethesda idatulutsa mu 2015. Nkhope ya Dogmeat, mtundu wa ubweya wake ndi kayendedwe kake zidachokera kwa River.

Kuno kwathu, komwe galu ndi mlonda wa pakhomo kapena mnzake wa mlenje, amagona panja ndipo kumutcha munthu galu n'kumutukwana, nkhani yolirira galu wa pa sikirini ingamveke ngati chibwana cha anthu okhuta. Komatu muli nkhani yofunika kuilingalira. Makampani a magemu amawononga ndalama zankhaninkhani polemba akatswiri a zisudzo kuti alankhulire anthu a m'magemu awo, amajambula nkhope zawo mpaka makwinya a pachipumi, koma zaka zikapita osewera ambiri amaiwala mayina a anthuwo n'kumakumbukirabe galu. Ndipo si galu aliyense amene amakumbukiridwa. Amene amatsalira mumtima ndi yemwe omupanga adayamba apenyetsetsa galu weniweni, kenako n'kumusiya kuti azichita zaugalu.

Chifukwa choyamba chili m'kufooka kwa kompyuta yeniyeniyo. Munthu wa m'gemu amakhala ndi mawu owerengeka omwe adamujambulira, ndipo ukayenda naye maola makumi angapo amayamba kubwereza zomwezomwezo. Osewera Skyrim, gemu ina ya Bethesda ya mu 2011, amamudziwa bwino Lydia, msilikali wamkazi yemwe amaima pakhomo n'kutseka njira, ndipo ukamupatsa katundu amayankha ndi mawu amodzimodzi mpaka makutu kuwawa. Pamenepo wosewera amakumbuka kuti akuyenda ndi chidole. Galu alibe vuto limeneli. Salankhula, choncho sanganene mawu osayenera pa nthawi yolakwika. Akabwereza kununkhiza pansi, kuuwa kapena kupukusa mchira kambirimbiri, palibe amene amadabwa, chifukwa galu weniweni amatero tsiku ndi tsiku. Ngakhale atatseka njira pakhomo, mwini galu aliyense amadziwa kuti zimenezo n'zochitika.

Komabe kusalankhula kokha sikukwanira, ndipo apa m'pamene nkhani ya River ili ndi phindu. Burgess adafotokoza kuti galuyo ankabwera naye ku ofesi ya Bethesda n'kumakhala nawo pa misonkhano ya gulu lomwe linkakonza Dogmeat, kotero kuti anthuwo adasiya kuganiza za galu wa m'mutu mwawo n'kuyamba kuona galu amene ali pamaso pawo. Adaona kuti akapita naye koyenda, River ankathamangira kutsogolo, kenako n'kuima, n'kucheuka kuti aone ngati mbuye wake akubwera. Khalidwe limeneli adaliika m'gemu. Adaonanso kuti ankakonda kunyamulira anthu zinthu zikuluzikulu pofuna kuwasangalatsa, ngakhale zinthuzo zikhale zopanda ntchito, ndipo kuchokera pamenepo Dogmeat adaphunzira kutolera wosewera katundu m'mabwinja. Pa nkhondo, ntchito yake yaikulu si kupha. Amamuluma mdani n'kumugwira kuti asasunthe, kupereka mpata kwa mbuye wake, nthawi zina n'kudziika yekha pangozi.

Aliyense amene adatsatirapo alenje pa uzimba akudziwa kucheuka kumeneko: galu amalowa m'tchire patsogolo, koma khutu limodzi lili kwa mwini wake. N'kanthu kakang'ono, kosaonjezera mphamvu iliyonse kwa wosewera, koma n'komwe kamamuuza kuti m'dziko lonse lowonongeka ndi mabomba a nyukiliya muli chamoyo chimodzi chomwe chikusamala ngati iye akadali moyo.

Zaka ziwiri Fallout 4 isanatuluke, kampani ya Activision idatsatsa mwamphamvu galu wake, Riley, mu Call of Duty: Ghosts ya mu 2013. Naye ndi German Shepherd, ndipo kayendedwe kake adakajambula kuchokera kwa galu weniweni wophunzitsidwa. Koma Riley ndi mfuti ya miyendo inayi. Wosewera amamuyendetsa kudzera pa kamera yomwe ili pamsana pake, amamutuma kukaluma adani pakhosi, ndipo pamalo ena amalumphira mu helikopita n'kukoka woyendetsa. Pa ubweya ndi minofu adajambulidwa mwaluso, koma palibe chimene amafuna kwa wosewera, ndipo wosewera naye safuna china kwa iye koma ntchito. N'chifukwa chake amatchulidwa kawirikawiri anthu akamaseka momwe gemuyo idatsatsidwira.

Katswiri wina wokonza magemu, Hideo Kojima, adapeza njira ya pakati mu Metal Gear Solid V: The Phantom Pain ya mu 2015. Galu wa m'gemuyi, D-Dog, ndi chida ndithu, chifukwa amanunkhiza adani n'kumuonetsa wosewera pomwe abisala. Kusiyana kwake n'kwakuti sumupatsidwa ali wamkulu kale. Umamupeza ali kamwana kolira m'zigwa za ku Afghanistan, diso limodzi litawonongeka, ndipo ukapanda kumutola umapitirira wopanda iye. Amakulira ku likulu la asilikali pakati pa nyanja, msilikali wina wotchedwa Ocelot akumuphunzitsa, kufikira tsiku lomwe amatuluka atavala kansalu kophimba diso ngati mbuye wake Snake. Wosewera akamapita naye ku nkhondo ku Afghanistan kapena m'malire a Angola ndi Zaire, amakhala akuyenda ndi galu amene adamutola yekha.

Kale agalu a m'magemu sankakondedwa chotere. Wa mu Duck Hunt ya Nintendo ya mu 1984 ankatuluka mu udzu n'kukuseka ukaphonya bakha. A mu Wolfenstein 3D ya mu 1992 adali adani oyenera kuwomberedwa, ndipo a mu Resident Evil ya mu 1996 amakumbukiridwa chifukwa choswa mawindo n'kudumphira wosewera m'kanjira ka m'nyumba. Dogmeat woyamba, wa mu Fallout ya kampani ya Interplay ya mu 1997, ndi mmodzi mwa amene adasintha zinthu. Ankapezeka m'katauni ka Junktown akuopseza munthu pakhomo la nyumba yake, ndipo ankakutsata ukamupatsa nyama kapena ukavala jekete lachikopa lofanana ndi la mbuye wake wakale. Sunkatha kumulamula. Ankathamangira adani amphamvu kumuposa, ndipo akafa ankaferatu. Osewera ambiri ankabwerera pomwe adasungira gemu mobwerezabwereza kuti amudutsitse wamoyo m'malo a asilikali a Mariposa, momwe mipanda ya mphamvu ya magetsi inkamupha. Palibe mphotho yomwe ankalandira pa khama limenelo.

Nthawi zina mphindi imodzi imakwanira. Kumayambiriro kwa Resident Evil 4 ya mu 2005, Leon, yemwe wosewera amamuyendetsa, amapeza galu atakodwa mwendo mu msampha wachitsulo m'mbali mwa njira. Wosewera atha kumumasula kapena kumudutsa. Akamumasula, galuyo amathawira m'tchire osapereka kanthu. Patapita nthawi, Leon akamalimbana ndi chimphona chotchedwa El Gigante, galu uja amatulukira n'kuyamba kuuwa, chimphonacho n'kutembenukira kwa iye. Kampani ya Capcom itakonzanso gemuyi mu 2023, zithunzi zoyambirira zidaonetsa nyama yakufa pa msampha, ndipo osewera adadandaula kwambiri mpaka adadzaona kuti galu wawo adangosunthidwira patsogolo pang'ono m'nkhaniyo.

Gemu yomwe idaika mtima wake wonse pa galu ndi Fable II, yomwe kampani ya ku Britain ya Lionhead Studios idatulutsa pa Xbox 360 mu 2008. Mtsogoleri wake, Peter Molyneux, adanena poyera kuti cholinga chake chidali chakuti wosewera amve chikondi, ndipo adasankha galu kuti agwire ntchitoyo. Galuyo sumuyendetsa ndi mabatani. Amathamangira patsogolo yekha, amauwa akanunkhiza chuma chokwiriridwa pansi, amabangula adani akayandikira, ndipo akavulala amatsimphina kufikira utamupatsa mankhwala. Maonekedwe ake amasintha potengera khalidwe la mbuye wake, kukhala wowala ngati mbuyeyo ndi wachifundo, kapena wakuda bii ngati ndi wankhanza. Kumapeto, mdani wamkulu, Lucien, amaombera wosewera, ndipo galu amalumphira kutsogolo n'kulandira chipolopolocho.

Zikadathera pamenepo, ikadakhala njira wamba yofinyira misozi. Chomwe chidaipatsa ulemu Fable II n'chomwe chimatsatira. Lucien akagonjetsedwa, wosewera amapatsidwa mwayi wosankha chinthu chimodzi mwa zitatu: kuukitsa anthu zikwizikwi omwe adafa pomanga nsanja ya Lucien, kuukitsa abale ake pamodzi ndi galu, kapena kulandira ndalama zagolide zokwana 1,000,000. Aliyense amadziwa kuti choyenera n'kuukitsa anthu ambiriwo. Koma amene wasankha zimenezo amabwerera m'dziko la Albion yekhayekha, popanda wouwa pamalo pomwe pali chuma, ndipo kusowa kwake amakumva pa njira iliyonse yomwe akuyenda. Imfa ya galuyo imasanduka funso lomwe wosewera ayenera kuyankha ndi dzanja lake. N'zomvetsa chisoni kuti miyezi yochepa pambuyo pake Lionhead idagulitsa gawo loonjezera, Knothole Island, momwe muli manda oukitsira galuyo posinthanitsa ndi moyo wa munthu wina wa m'mudzi. Kwa amene adali ndi ndalama yogulira gawolo, funso lija lidapepuka.

Pali njira ina yogwiritsira ntchito imfa ya galu yomwe siyenera kuyamikiridwa, ngakhale ili mu gemu yotchuka. Mu The Last of Us Part II ya kampani ya Naughty Dog, ya mu 2020, agalu a adani ali ndi mayina, ndipo ukapha mmodzi umamva mwini wake akumuitana molira. Pamenepo palibe chodandaula, chifukwa nthawi zambiri wosewera atha kuwazemba agaluwo. Koma pali galu mmodzi, Alice, yemwe amalumphira Ellie, mtsikana amene umamuyendetsa, ndipo gemu imakukakamiza kumubaya, popanda njira ina. Pambuyo pake nkhani imabwerera m'mbuyo, umasewera ngati Abby, mdani wa Ellie, ndipo umakumana ndi Alice yemweyo ali wofatsa, wokonda kusewera. Oikira kumbuyo gemuyi amati cholinga chake n'kuonetsa kuti kubwezera kumapweteka osalakwa, ndipo mfundoyo ndi yomveka. Vuto n'lakuti wosewera akusenzetsedwa mlandu wa chinthu chomwe sadapatsidwe mpata wokana. Alice adalengedwa kuti adzaphedwe, ndipo zimenezo zimaonekera.

Njira ina yaulesi ndi batani losisitira galu. Mu March 2019, Tristan Cooper adatsegula tsamba la pa Twitter lotchedwa Can You Pet the Dog?, atakhumudwa kuti mu The Division 2 muli agalu oyendayenda m'misewu ya Washington omwe sungawasisite. Tsambalo lidatchuka kwambiri moti makampani adayamba kuika batani losisitira agalu n'kumalitchula potsatsa magemu awo. Palibe choipa m'kusisita galu, ndipo mu Hades ya mu 2020 kusisita Cerberus, galu wa mitu itatu, kumagwirizana bwino ndi nkhani ya mwana amene akuthawa kwawo koma akukondabe a pakhomo. Koma batani lokha silipanga mnzako. Okonda Grand Theft Auto V amamudziwa Chop, galu wamtundu wa Rottweiler yemwe Lamar amamusiya kwa mnzake Franklin, mmodzi mwa anthu omwe wosewera amawayendetsa. Wosewera atha kupita naye koyenda ndi kumuponyera mpira, koma ntchito yake m'nkhani ndi yochepa, ndipo kampani ya Rockstar idaika maphunziro ake pa pulogalamu ina ya pa foni yotchedwa iFruit. Ambiri amamaliza gemu yonse Chop ali chigonere kuseri kwa nyumba.

Funso lovuta n'lakuti galu wa m'gemu azifa kapena ayi. Bethesda idasankha kuti Dogmeat wa mu Fallout 4 asafe. Akavulala kwambiri amangogwa pansi n'kumalira kufikira nkhondo itatha kapena utamubaya jakisoni wa mankhwala. Ena amati izi zidachotsa mantha omwe adapangitsa kuti Dogmeat wa mu 1997 akhale wamtengo wapatali. Pali choonadi m'menemo, koma zomwe zimachitika mu Minecraft zikuonetsa kuti Bethesda idaganiza bwino.

Mu gemu ya kampani ya Mojang imeneyi, yomwe yagulitsidwa makope oposa 300 miliyoni, mimbulu idalowamo mu 2011. Ukaupatsa mafupa mmbulu wa m'tchire umasanduka galu wako, n'kuvala lamba wofiira m'khosi. Alibe nkhani yolembedwa, ndipo thupi lake ndi timabokosi tochepa chabe. Akapweteka, mchira wake umagwa. Akagwera m'chiphalaphala cha moto kapena akaphulitsidwa ndi chilombo chotchedwa creeper, amafa osabwereranso, ndipo ana ambiri amamumangira manda m'gemumo. Zotsatira zake n'zakuti osewera ochuluka amamulamula galuyo kuti akhale pansi m'nyumba, amatseka chitseko, n'kupita kukakumba miyala okha. Mantha omutaya amachititsa kuti asayende naye n'komwe. Mojang idachitapo kanthu mu April 2024, patatha zaka 13, poonjezera chovala choteteza galu chopangidwa ndi mamba a kanyama kotchedwa armadillo. Chovalacho chimalandira mabala ambiri m'malo mwa galu kufikira chitasweka, ndipo wosewera atha kuchikonza ndi mamba ena chisanatheretu. Galuyo atha kufabe, koma tsopano mwini wake amaona ming'alu pa chovalacho ndipo amakhala ndi nthawi yobwerera naye kunyumba.