Ana 200 a ku Jyväskylä ndi masewera a zilembo

Mu 1993, pulofesa Heikki Lyytinen wa pa yunivesite ya Jyväskylä ku Finland anayamba ntchito yofuna kuleza mtima. Iye ndi anzake anayamba kutsatira ana pafupifupi 200 chibadwireni. Theka la anawo linali la m'mabanja momwe bambo kapena mayi ali ndi dyslexia, vuto limene limachititsa munthu wanzeru zake kuvutika kuwerenga ndi kulemba.

Makandawo ankawaika timawaya kumutu toyeza momwe ubongo ukuchitira khutu likamva mawu. M'chinenero cha ku Finland, kutalika kwa liwu kumasintha tanthauzo, choncho ofufuza ankawamvetsera mawu ngati "ata" ndi "atta". Pa miyezi 6 yokha, ana a m'mabanja aja, powaona monga gulu, anali atasiyana kale ndi anzawo pa kamvedwe kake. Mwana wa miyezi 6 sanayambe ulesi kapena kujomba kusukulu, ndiye mphunzitsi amene amathamangira kunena kuti mwana wosawerenga ndi mbuli aganize kawiri.

Anawo atasinkhuka, kunaoneka kuti wochedwa kudziwa zilembo asanayambe sukulu ndiye ankadzavutika kwambiri. Lyytinen sanakhutire ndi kungolosera. Pamodzi ndi bungwe la Niilo Mäki Institute anakonza masewera a pakompyuta otchedwa Ekapeli, amene kunja kwa Finland amadziwika kuti GraphoGame. Mwana amamva liwu, n'kusankha chilembo chake pakati pa zilembo zingapo zimene zikuoneka. Akalakwa, masewerawo amamubwezera liwu lomwelo mpaka ataligwira. Akakhoza, amamupatsa zovutirapo.

Chinyanja chimalembedwa pafupifupi momwe chimamvekera, monganso chinenero cha ku Finland, ndipo n'chifukwa chake masewerawa anakwanira bwino ku Zambia. Ofufuza a University of Zambia anawayesa pa mafoni ndi ana a Giredi 1 m'sukulu za boma ku Lusaka. Kumeneko kunali chopinga china: aphunzitsi ambiri anazolowera kutchula zilembo m'maina ake a Chingerezi, moti mwana womva "e" poona "a" ankasokonezeka polemba "amayi".

Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 n'zofunika kwa aliyense woganiza kuti kugawa mafoni kokha n'kokwanira. Ana analemba mawu molondola kwambiri m'makalasi momwe mphunzitsi nayenso anasewera masewerawo, osati ophunzira ake okha.