Napolo Sakwana m'Phunziro Limodzi

Pali funso limene lafooketsa alembi achinyamata ambiri m'sukulu za sekondale, ndipo funsolo ndi ili: "Kodi nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani?" Palokha funsoli lilibe mlandu. Mlandu uli pa chizolowezi choyembekezera yankho limodzi lokha, lokwana pamzere umodzi. Wophunzira wokulira m'chizolowezi chimenechi akauzidwa kuti apeke nkhani kapena ndakatulo, amayamba wasankha phunziro, kenaka n'kuumba ampangankhani oti alisenze. Wabwino amakhala wabwino kuyambira pachiyambi, woipa amangodikira chilango chake kumapeto. Zolemba zotere zimaiwalika msanga chifukwa moyo umene owerenga amaudziwa suyenda motero.

Umboni wake uli pa Phalombe Boma. Munthu akaima pamenepa amaona phiri la Michesi lili njo, ndipo pafupi nalo pali phiri la Mulanje. Mitsinje yochokera m'mapiri amenewa ndiyo imapatsa anthu madzi akumwa ndi othirira mbewu zam'dimba, ndipo mtsinje wa Phalombe umakathira m'nyanja ya Chilwa kumene asodzi amapha matemba. Koma m'mwezi wa Malichi chaka cha 1991, kutagwa mvula yoopsa, phiri la Michesi lidagumuka. Madzi, matope, mitengo ndi zimiyala zidatsika n'kukokolola nyumba, milatho ndi minda. Anthu mazanamazana adafa, ndipo ena mwa iwo mitembo yawo sidapezeke. Patapita zaka 32, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'Malawi, ndipo Phalombe lidali limodzi mwa maboma amene adalira kwambiri. Phiri limene limalera anthu ndi lomwelonso lidawakwirira. Nanga choonadi chotere chingakwane bwanji m'phunziro limodzi?

Pa za ngozi ya 1991, anthu amagawikana pawiri. Ena amati kudadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimati chikamasamukira kunyanja chimaphwasula zonse zopezeka m'njira yake. Ena amati zimenezo n'zikhulupiriro chabe. Iwo amafotokoza kuti mvula ikachuluka dothi la pamalo otsetsereka limakhuta madzi, limalemera, kenaka limatsetsereka pamodzi ndi miyala, makamaka kumene mitengo idatha. Wophunzira wofuna kukondweretsa mphunzitsi amasankha mbali yachiwiri, amaseka agogo ake, n'kutsiriza chimangirizo chake ndi mawu akuti anthu aleke kudula mitengo. Langizo limeneli ndi loona, koma lidalembedwa kale pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Chimene chikwangwani sichinganene ndi mtima wa mayi amene akudziwa bwino za dothi ndi mitengo, koma akamva kugunda kuphiri usiku amadzutsa ana ake nati Napolo wabwera. Mayi yemweyo m'mawa amakatunga madzi mumtsinje umene udatenga m'bale wake. Iye amauopa mtsinjewo, amauda, komanso sangakhale tsiku limodzi popanda iwo. Nkhani yoyenera kulembedwa ili pamenepo.

Makolo adalidziwa bwino khalidwe limeneli la moyo, n'chifukwa chake miyambi yawo imatsutsana poyera. Adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatinso mwana wa mwini ndi gaga, saundika. Adati kuona maso a nkhono n'kudekha, adatinso mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kodi adasokonezeka mutu? Iyayi. Adaona kuti kudekha kumapulumutsa lero, mawa n'kuphetsa, ndipo adasiyira munthu aliyense udindo wozindikira nthawi yake. Ngakhale m'nthano, Kalulu ndi wabodza ndiponso wakuba, komabe ana amamukonda kuposa nyama zonse zaulemu. Adzikhala Kalulu wolungama kotheratu, nthano zake zikadafa kalekale. Ndipo mwambi wakuti walira mvula walira matope wanyamula mdalitso ndi tsoka m'mpweya umodzi, monga momwe anthu a ku Phalombe amaidziwira mvula.

Mlakatuli Steve Chimombo, amene adabadwa mu 1945 n'kumwalira mu 2015, adaonetsa phindu la kutsutsana kotere. Iye adali wa ku Zomba, kumene phiri lidagumuka mu Disembala 1946, ndipo adaphunzitsa pa koleji ya Chancellor. Ngakhale adali munthu wophunzira kwambiri, sadamutaye Napolo ngati chinthu cha umbuli. Mu 1987 adatulutsa buku la ndakatulo m'Chingerezi lotchedwa Napolo Poems. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene kudzudzula boma poyera kudali koika moyo pachiswe, owerenga ambiri adaona mwa Napolo chithunzi cha mphamvu zimene zimaononga anthu iwo akuzilemekeza. Mlakatuliyo akadayamba ndi phunziro limodzi lokonzeratu, ndakatulo zake sizikadatha kunena zambiri chotere.

Ena anganene kuti ana amafunika kuuzidwa chabwino ndi choipa mosapita m'mbali, ndipo kuti zolemba zosapereka chigamulo zingawasocheretse. Nkhawa imeneyi ndi yomveka kwa mwana wa sitandade 2. Koma wophunzira wa fomu 4 waona kale maliro, njala ndi chinyengo. Iye akudziwa kuti bambo wotentha makala kuphiri akuononga chitetezo cha mudzi wake, akudziwanso kuti ndalama za makala omwewo ndi zimene zamulipirira sukulu. Kumuuza kuti alembe ngati akudziwa mbali imodzi yokha ndiko kumuphunzitsa bodza. Khalidwe labwino limakhwima pamene munthu wayeza zinthu ziwiri zolemera n'kusankha, akudziwa chimene wataya. Zolemba zabwino zimamuzoloweza kuyeza kumeneko.

Choncho aphunzitsi a Chichewa ayenera kuwonjezera funso lina pa lija lozolowereka: "Kodi m'nkhaniyi n'chiyani chikulimbana ndi chinzake?" Naye wophunzira akafuna mutu woti alembe, afunefune pamalo pamene mtima wake wagawanika, monga pakati pa chikondi ndi mantha, mwambo ndi sukulu, kusamuka ndi kukhala pafupi ndi manda a makolo. Ambiri mwa amene adapulumuka mu 1991 akukalamba, ndipo amene adaona za 2023 akadali ndi zipsera zaziwisi. Ngati ana a ku Phalombe salemba nkhani zimenezi m'chiyankhulo chawo, ndi zotsutsana zake zonse, mibadwo yam'tsogolo idzangopeza chiwerengero cha akufa ndi langizo lodzala mitengo.