Chifuwa chachikulu si cha kumtundu, n'cha m'chipinda

Pali mawu amene ndatopa nawo kuwamva m'masiwa a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo. Munthu akamwalira atatsokomola miyezi, achibale amanong'onezana kuti, "Chimenechi n'cha kumtundu, agogo ake adapitanso nacho." Ena amati n'tsempho, ena mdulo. Akatero nkhani yatha, aliyense abwerera kwawo, pomwe m'nyumba ya malemuyo mwatsala ana atatu amene akhala akupuma mpweya umodzi ndi wodwalayo usiku uliwonse.

Tiyeni tiyambe ndi chimene chili choona m'mawuwa, chifukwa makolo athu sadali opusa. Adaona kuti matendawa amakonda mabanja ena, ndipo asayansi nawonso adafunsa funso lomwelo. Ku Chilumba m'boma la Karonga, ofufuza a Karonga Prevention Study adayeza magazi a anthu odwala TB ndi a osadwala, kufuna kuona ngati zotengera kwa makolo zili ndi gawo, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2004. Mu 2010 kafukufuku wina wamkulu wa anthu a ku Ghana ndi Gambia adapeza kamalo kena mu DNA kamene kamakweza pang'ono mwayi wodwala. Ku Thailand madokotala adatsata mbali ina: anthu ena amabadwa ndi thupi lochedwa kusungunula isoniazid, amodzi mwa mankhwala a TB, ndipo otere chiwindi chawo chimavulala msanga. Choncho inde, magazi ali ndi kagawo kake.

Koma taonani liwu lakuti "pang'ono". Palibe mwana amene amatengera TB kumtundu monga momwe amatengera mphuno ya bambo ake. Matendawa amayamba ndi kachilombo kamene Robert Koch adakapeza mu 1882, ndipo kamayenda mumpweya munthu akatsokomola. Chimene banja limapatsirana kwenikweni si magazi ayi, ndi chipinda. Pitani ku Mgona kapena m'kati mwa Area 23 mukaone nyumba za lendi: chipinda chimodzi, anthu asanu ndi mmodzi, zenera lotsekedwa ndi katoni kuopa akuba, mbaula ikufuka pakona. Mukaika mtundu uliwonse wa anthu m'menemo, kaya Achewa, Atumbuka kaya Azungu, adzatsokomola basi. Kalembera wa matendawa amene boma lidachita mu 2013 ndi 2014 adapeza kuti TB njochuluka m'matauni kuposa kumidzi, kuposa kawiri. Kodi tinene kuti a m'tauni ali ndi mtundu wawo?

Tisaiwalenso chimene chidakweza matendawa m'dziko muno. Mu 1985 odwala TB olembedwa adali pafupifupi 5,000 pachaka. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 adadutsa 25,000, ndipo pa odwala anayi aliwonse, atatu adalinso ndi kachilombo ka HIV. Magazi a mtundu wa Amalawi sadasinthe m'zaka 15 zokha. Chidasintha ndi chitetezo cha m'thupi. Lero ma ARV adatsitsa chiwerengerocho, koma manyazi amene adabwera nthawi imeneyo akadalipo, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake ambiri amakonda kunena kuti "n'cha kumtundu". Mawuwa ndi chofunda. Amabisa dzina limene banja likuliopa.

Tsono vuto lenileni, kwa ine, lili pa kuyezetsa. Boma limati mankhwala a TB ndi aulere, ndipo n'zoona. Koma ulendo wokafika pa mankhwalawo si waulere. Kafukufuku amene adachitika mu Lilongwe momwe muno n'kusindikizidwa mu 2007 adapeza kuti wodwala ankataya masiku oposa 20 a ntchito asanauzidwe chimene akudwala, ndipo osauka ankaononga ndalama zoposa kawiri zimene amapeza pamwezi. Inu amalonda mukudziwa tanthauzo lake. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Kawale akatseka benchi tsiku limodzi, ana agona ndi njala ndipo tomatoyo waola. Wa kabaza akaima pamzere mpaka masana, wataya makasitomala a tsiku lonse. Ndiye amayamba ndi pagolosale, agula mankhwala a chifuwa a m'botolo. Chikakana apita kwa wogulitsa makapisozi pamsika, kenaka kwa asing'anga, kenaka kumapemphero. Akamafika ku Bwaila, kumene akuluakulu akukutchabe kuti ku Bottom, papita miyezi itatu, mpamba watha, ndipo wapatsira kale a m'nyumba ndi anzake a m'minibasi.

Kale kunali chifukwa chomveka chozengerezera. Munthu ankapereka makhololo katatu, kuyenda maulendo angapo, ndipo makina oonera tizilombo ankaphonya odwala ambiri, makamaka amene ali ndi HIV. Koma mu 2010 bungwe la WHO lidavomereza makina a GeneXpert, amene amapereka yankho m'maola awiri ndi kuonetsanso ngati kachilomboko kakukana mankhwala a rifampicin. Makinawa adafika kuno. Pa Bwaila pomwepo pali Martin Preuss Centre, imene idatsegulidwa mu 2006 kuti wodwala TB ndi HIV azithandizidwa pamalo amodzi. Nzeru ndi zipangizo zilipo. Chosowa ndi mlatho pakati pa makinawo ndi munthu wa ku Chinsapo amene sangasiye geni yake.

Mlathowo udayesedwapo kale, ndipo n'zodandaulitsa kuti sitimaukamba. M'zaka za m'ma 2000 ofufuza adaphunzitsa eni magolosale a ku Kauma ndi ku Ngwenya kuti munthu akabwera kudzagula mankhwala a chifuwa chosatha, azimupatsa kalata yopita nayo kuchipatala. Odwala ambiri adapezeka msanga. Ganizo lake n'losavuta: wodwala amayamba wafika kwa wagolosale asanaone dokotala, ndiye wagolosaleyo akhale mlonda woyamba. Bwanji makomiti a misika ku Area 25 ndi ku Biwi osachita zomwezi lero? Amatha kutolera ndalama za maliro mwachangu wamalonda mnzawo akamwalira. Kodi angalephere kusunga benchi ya mnzawo kwa tsiku limodzi kuti akapereke makhololo?

Ndikunena izi chifukwa chithandizo cha kunja sichodalirika. Mu 2025 boma la America lidadula ndalama zambiri zothandizira zaumoyo m'maiko osauka, ndipo WHO idachenjeza kuti ntchito yolimbana ndi TB ili pachiswe. Aphungu a mu mzinda uno afunsidwe kuti m'bajeti ya dziko mwaikidwa zingati zogulira zipangizo zoyezera, osati kumangodikira azungu.

Kwa inu ophunzira amene mumagona anayi m'kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, musadzinamize ndi chipsera cha katemera wa BCG pamkono. Katemerayu amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa, koma kafukufuku wa ku Karonga konkuja adaonetsa mu 1996 kuti kwa akuluakulu satchinjiriza TB ya m'mapapo. Mnzanu akatsokomola masabata awiri, akutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, mperekezeni ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Bwaila, ndipo nanunso mukapemphe kuyezedwa. Mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akayamba kumwa mwandondomeko, pakangopita masabata ochepa sakupatsiraninso.