Galimoto yakale ya V8: gulani nambala, osati phokoso



Maoda asintha masiku ano. Kale mabwana a ku Lilongwe ndi Blantyre ankatituma matayala ndi mafiriji. Pano ena akumatiimbira kuti tiwapezere galimoto yakale ya injini ya V8, ija imati ikalira mawindo n'kumanjenjemera. Geni imeneyi ili ndi phindu, koma ingathenso kumeza mpamba wa zaka khumi tsiku limodzi. Ife tikuti pa galimoto yotere, ndalama ili mu nambala ndi m'mapepala. Penti ndi phokoso aliyense angaike.

Tonsefe timadziwa nsapato ya feki pongoona ulusi wake. Nanga bwanji pa galimoto timakopeka ndi chithunzi cha pa WhatsApp? Mnzathu wina anatumiza dipoziti atangoona Capri yachikasu yolembedwa Perana kumbuyo. Makaniko atalowa pansi anapeza kuti ndi Capri wamba, angoiika injini ina ndi zomata. Wogulitsa anazimitsa foni, ndipo mnzathuyo akubwezabe ndalama za bwana wake mpaka lero. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimakweza mtengo wa magalimoto amenewa ndi kusowa kwake. Ford Capri Perana ankaikonza a Basil Green ku Johannesburg kuyambira 1970, ndi injini ya malita 5, ndipo zinalipo pafupifupi 500 basi. Chevrolet Firenza Can-Am ya 1973 anapanga 100 zokha. Ford Sierra XR8 ya 1984 zinali pafupifupi 250. Koma ma Capri ndi ma Sierra wamba anali mbwee, ndipo kusandutsa wamba kuti aoneke ngati wosowa ndi ntchito ya masabata ochepa m'galaja. Mbava zimadyera pamenepo.

Ndiye musanatulutse randi ngakhale imodzi, yambani ndi nambala ya chesisi. Yomwe ili pa chitsulo cha galimoto, ya pa kapuleti, ndi ya pa mapepala zikhale chimodzimodzi. Onani ngati kapuletiko kakhomedwa ndi misomali yatsopano, kapena ngati pozungulira nambalayo pali zipsera za kuwotcherera. Nambala ya zilembo 17 inakhazikika mu 1981, choncho galimoto ya 1970 kukhala ndi nambala yaifupi si vuto. Nambalayo imalankhula. Pa Mustang ya 1965 kapena 1966, chilembo chachisanu chimanena injini imene inatuluka nayo ku fakitale: T ndi ya masilinda 6, C ndi A ndi V8 wamba, K ndi yamphamvu ija yodula. Wina akamakuuzani mtengo wa K pomwe nambala ikuti T, nyamukani.

Kenako injini. Funsani ngati ndi yomwe inabadwa nayo, ndipo nambala yake igwirizane ndi mapepala. Injini yosinthidwa si tchimo, koma mtengo utsike. Tengani kamaginito, mukakulunge m'kansalu, muyende nako m'mbali mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala. Pomwe sikakugwira pali phala lobisa dzimbiri. Galimoto imene yakhalitsa ku Durban kapena ku Cape Town, gwadani muione pansi, chifukwa mphepo ya kunyanja imadya chitsulo.

Mapepala a NaTIS akhale m'dzina la amene akukugulitsaniyo, ndipo muone chiphaso chake ndi maso anu. Ngati galimoto ili pa Code 3, ndiye kuti inamangidwanso, ndipo mtengo wake sungafanane ndi yomwe sinaphwasulidwepo. Popanda chikalata cha apolisi cha SARPCCO musanyamuke. Mudzalira pa Beitbridge, musanaone n'komwe Nyamapanda kapena Mwanza.

Ena anena kuti kulipira makaniko wodziwa magalimoto akale n'kuwononga phindu. Ife tikuti ndalama ya makaniko ndi yochepa kuposa dipoziti yotayika. Kuli magulu a eni magalimoto amenewa ku South Africa komweko, ndipo ambiri mwa iwo mukawaonetsa nambala ndi zithunzi amazindikira msanga yeniyeni.

Enanso amati, "Kasitomala sadziwa, bola ilire." Apa ndiye tikukana. Galimoto yokopera ilibe mlandu ikagulitsidwa ngati yokopera, pa mtengo wa yokopera. Koma bwana amene mwamunamiza adzafuna kuigulitsa tsiku lina, wodziwa adzaiona, ndipo dzina lomwe lidzaipe ndi lanu, pamodzi ndi la tonsefe oyenda msewu umenewu.

Pomaliza, werengerani zonse musanalonjeze mtengo. Msonkho wa MRA umakwera pa galimoto yakale ya injini yaikulu. Onjezani thiraki yoinyamula, chifukwa galimoto ya zaka 50 si yoyesera msewu wa Tete. Onjezaninso masipeyala amene muzidzaitanitsa ku Joni konko. Kumbukiraninso kuti oigula kwathu kuno ndi owerengeka, ndiye musagule ndi mpamba wanu poyembekeza kuti kasitomala apezeka.

Amene munagulapo galimoto yotere, tiuzeni zomwe munakumana nazo kuti anzathu asagwe m'dzenje lomwelo. Muyende bwino pa msewu.